Kodi Mwana Achoke Liti Pakhomo pa Makolo Ake?

Madzulo ano tikambirana nkhani imene imabwera kaŵirikaŵiri m'makalata amene mumatilembera. Makolo amafunsa kuti, "Mwana wathu wachoka osatsazika, kodi tili ndi mphamvu yokamtenga?" Achinyamata nawonso amafunsa kuti, "Kodi ndifike zaka zingati kuti ndikadziimire pandekha popanda wondiletsa?" Ndipo alipo ena, amene makalata ao amakhala aafupi ndi omvetsa chisoni, ofunsa ngati kholo lili ndi ufulu wopirikitsa mwana pakhomo. Mafunso atatu onseŵa yankho lake lagona pa msinkhu, ndiponso pa kusiyana kwa njira ziŵiri zoyesera msinkhuwo, ya makolo athu ndi ya malamulo a boma.

Tiyambe ndi ya makolo. Kale pamudzi zaka sankaŵerenga, ukulu unkaoneka ndi maso. Mnyamata akayamba kusinkhuka ankatuluka m'nyumba ya amai ake nkukagona ku mphala kapena ku gowelo pamodzi ndi anzake, ndipo mtsikana ankasamukira ku kuka kwa agogo ake. Uku kudali kuchoka koyamba, koma kwa pabwalo pomwepo, pakuti nsima ankadyabe ya pakhomo, ndipo akadwala usiku amai ake ankamva kubuula kwake. Kenaka chinkadza chinamwali. Kwa Acheŵa mnyamata ankaloŵa ku dambwe, kwa Ayao ku jando, ndipo mtsikana akatha msinkhu ankalangizidwa ndi anamkungwi. Potuluka kumeneko ankatchedwa munthu wamkulu. Kuchoka kwenikweni kunkabwera ndi ukwati. M'madera a chikamwini mnyamata ndiye ankanyamula khasu ndi nkhwangwa kukamanga kwao kwa mkazi, pamene m'madera ambiri a kumpoto ndi kumunsi kwa Shire, kumene amalowola, mtsikana ndiye ankatsatira mwamuna. Chofunika kuchisunga pamenepa nchakuti panalibe wochoka yekha. Ankhoswe ankaperekeza, mwinimbumba ankadziŵa kumene mphwake wapita, ndipo zinthu zikavuta kumeneko njira yobwerera idali yodziŵika kwa onse.

Msonkho wa atsamunda ndiwo udabweretsa kuchoka kwa mtundu wina. Anyamata adayamba kuyenda pansi kupita ku Salisbury, ena nkumalembetsa ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, mpaka mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi idagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi oposa 70, boma nkuimitsa kulemba anthuko. Ambiri ankabwerako ndi njinga ndi sutikesi, koma ena sadabwerenso, ndipo chinenero chathu chidaŵapezera dzina lakuti machona. Kuyambira nthaŵi imeneyo mwana wa m'mudzi amatha kukafika kumene kulibe malume, kulibe nkhoswe, kulibe nyakwaŵa yomdziŵa. Kumalo kotero mwambo sufikako. Chimene chingamtsatire mwana mpaka kumeneko ndi lamulo lolembedwa, ndipo lamulo siliyang'ana ndevu kapena maŵere, limaŵerenga zaka.

Tsono zaka zake nzingati? Malamulo aakulu a dziko lino, amene tidayamba kuŵagwiritsa ntchito mu 1994, poyamba ankati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, ndipo ankalola kuti wa zaka 15 mpaka 18 akwatire kapena kukwatiwa makolo akavomera. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maukwati lonena kuti woloŵa m'banja akhale wa zaka 18, koma lamulo laling'ono silingapose lalikulu, choncho khomo lija lidali lotsekukabe. Mu February 2017 aphungu adalitseka, 131 kuvomera, aŵiri okha kukana. Kuyambira pamenepo, mwana m'Malaŵi muno ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18, kaya adavinidwa, kaya ndi wamtali kuposa bambo ake, kaya wabereka kale mwana wakewake.

Mau otsirizaŵa ambiri amaŵamva moŵaŵa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Nkovuta kuuza agogo kuti mdzukulu wao, amene adamlangiza okha, nkumuuza kuti tsopano wakula, lamulo likumuŵerengerabe pamodzi ndi makanda. Komabe tiyeni tione chimene lamulolo likufuna. Ndime 23 ya malamulo aakulu imati mwana ali ndi ufulu wodziŵa makolo ake ndi kuleredwa nawo, ndiponso wolandira chisamaliro kwa iwo, kaya makolowo ali pa banja, kaya adalekana, kaya sadakwatirane nkomwe. Pamenepa lamulo likumanga kholo koposa mwana. Tanthauzo lake ndi lakuti mpaka tsiku limene mwana adzakwanitse zaka 18, udindo womdyetsa, kumveka, kumpatsa pogona ndi kumtumiza ku sukulu uli pamutu pa makolo kapena omlera, ndipo udindowo sutha chifukwa chakuti mwanayo watuluka pakhomo. Achoke mwa kufuna kwake, achoke mothamangitsidwa, achoke atatengedwa ndi azakhali a m'tauni, udindo umamtsatira monga chithunzithunzi.

Apa ndiye payankhidwa funso lachitatu lija. Kholo lilibe ufulu wopirikitsa mwana wosakwana zaka 18. Ndipo kupirikitsa kumene ndifuna tikuonetsetse ndi kuja kumene ambiri sakutcha kupirikitsa. Mtsikana wa zaka 15 akapezeka ndi pathupi, bambo ake amapsa mtima, ankhoswe amaitanidwa, ndipo m'maŵa mwake amamperekeza ndi kamtolo ka zovala kukamtula kwao kwa mnyamata. Amati akamsamale amene wamuwononga. Pamudzi zimaoneka ngati chilungamo, pakuti mwini mlandu wasenza katundu wake. Koma taganizani za mtsikanayo. Wachoka pa manja a amai ake pa nthaŵi imene akuŵafuna koposa, waloŵa m'nyumba ya anthu amene sadamfune, kaŵirikaŵiri mnyamatayo naye ndi mwana wodyera m'mbale ya makolo, ndipo sukulu yathera pomwepo. Pamaso pa lamulo umenewo si ukwati, ndipo sungasanduke ukwati chifukwa ankhoswe adaombera m'manja. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limaletsa kukakamiza mwana kuloŵa m'banja kapena kumtomeretsa, limaletsanso kumpereka ngati chikole cha ngongole, monga zimachitikira pa mwambo wa kupimbira ku Karonga ndi ku Chitipa, ndipo wolakwira ndime zimenezi angathe kukhala m'ndende zaka 10. Njira imene lamulo limatsekula ndi ina: mtsikana akhale pakhomo, bambo wa khanda akakamizidwe ku khoti kupereka chithandizo, ndipo mtsikanayo akachira abwerere m'kalasi. Chilolezo chakuti wobereka abwerere ku sukulu chidaperekedwa kale mu 1993, koma kufikira lero alipo makolo amene sadachimvepo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amai 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 adakwatiwa asadafike zaka 18. Ndipo asanene wina kuti lamuloli ndi la anthu a m'tauni odana ndi miyambo, pakuti Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, mwini mwambo weniweni, idathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lake nkuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankaŵavomereza.

Nanga mwana akachoka yekha, makolo angakamtenge? Inde angathe, ndipo ayenera kumfunafuna, popeza udindo ndi wao. Apolisi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, imene ili pa boma lililonse, amathandiza pa zotere. Koma lamulo lomwelo limadziŵanso kuti si mwana aliyense wothaŵa amene ali wopulupudza. Ena amathaŵa chikoti chopyola muyeso, ena njala ya dala ya mai wopeza, ena bambo wopeza amene amagogoda pa chitseko usiku. Mwana wotere kumbwezera kumene wachoka nkumponya m'moto. Nchifukwa chake lamulo la 2010 lija limapatsa mphamvu wapolisi, wa ofesi ya chisamaliro, mfumu, ngakhale munthu wamba aliyense, kuti akaona mwana ali pa zoopsa amtenge nkumuika pamalo otetezeka, ndipo pasanathe maola 48 nkhaniyo ifike ku khoti la ana. Khotilo ndilo limagamula kumene mwana akakhale, kaya kwa mbale wina, kaya kwa omlera ena, poyang'ana chokomera mwanayo. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe apa udaloŵa m'buku la malamulo. Chokhacho, womtola asamsunge mwakachetechete, kuopa kuti chifundo chingasanduke mlandu. Akanene kwa amfumu, ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena aimbe lamya yaulere pa nambala 116.

Tsopano tibwere pa ntchito, pakuti ana ambiri amene amachoka m'midzi sachoka mokangana ndi munthu. Amachoka makolo atavomera, nthaŵi zina atalandirako kandalama. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati mwana wosakwana zaka 14 asalembedwe ntchito, m'munda kaya m'fakitale kaya pa malonda. Wa zaka 14 mpaka 18 angathe kugwira, koma ntchito yake isakhale yowononga thanzi, yoika moyo pa ngozi, kapena yomlepheretsa sukulu, ndipo bwana aliyense ayenera kusunga buku la maina a antchito ake osakwana zaka 18. Kupopera mankhwala m'munda wa fodya, kusenza katundu wolemera, kugulitsa moŵa m'bala, zonsezi si za msinkhu umenewu. Mu 2021 aphungu adathetsanso utenanti, umene m'maesiteti a fodya, monga a ku Kasungu ndi ku Mchinji, unkakokera banja lonse m'munda, ana omwe, pa malipiro a munthu mmodzi.

Pali kampata kamodzi m'lamulo limeneli kamene ine sindikondwera nako. Ndime yoletsa kulemba ana osakwana zaka 14 siikhudza ntchito zogwiridwa pa nyumba. Nzomveka kuti mwana atsuke mbale ndi kutunga madzi kwao, pakuti ndimo tidakulira tonse. Koma m'kampata kameneka ndimo mumabisala mabanja ambiri a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ena a ife tomwe ophunzira, amene amakatenga kamtsikana ka zaka 12 kumudzi nkulonjeza kuti akakaphunzitsa. Kakafika kamadzuka tambala woyamba, kusesa, kuphikira ana a pakhomo phala, kuŵaperekeza ku sukulu, iko nkubwerera kukachapa. Alendo akafunsa amauzidwa kuti ndi mwana wa achemwali. Mabanja otere adziŵe kuti malamulo aakulu amateteza mwana aliyense ku ntchito yomdyera masuku pamutu kapena yosokoneza maphunziro ake, ndiponso kuti lamulo la maphunziro la 2013 lidati sukulu ya pulaimale ndi yokakamiza. Wotenga mwana wa mwini kukhala naye wasenza udindo wa kholo, ndipo adzafunsidwa monga kholo. Inunso makolo a kumudzi, musanampereke mwana, funsani dzina la sukulu imene akaloŵe, ndipo pakatha teremu muitanitse lipoti lake muliwone ndi maso.

Choopsa kuposa apa ndi anthu aja oyenda m'midzi ndi malonjezo a ntchito yabwino ku Joni, ku maesiteti a ku Mozambique ndi ku Zambia, kapena m'malo ogona alendo m'tauni. Lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limati wozembetsa munthu wamkulu akhale m'ndende zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21, ndipo sangaŵiringule kuti mwanayo adavomera yekha. Kholo lolandira ndalama kuti mwana apite nalonso likudziika m'manja mwa lamulo lomwelo.

Pa zaka 16 pali khwerero lina limene limasokoneza anthu. Pamsinkhu umenewu munthu amalandira chiphaso cha unzika kuchokera ku National Registration Bureau, monga zidayambira pa kalembera wamkulu wa mu 2017. Achinyamata ena akachigwira m'manja amayesa kuti alandira ukulu. Iyai, chiphasocho chimangonena kuti ndinu yani ndipo mudabadwa liti. Wa zaka 16 kapena 17 akadali mwana, sangavote, sangakwatire.

Koma chiphasocho chili ndi ntchito yaikulu pa nkhani yathuyi, chifukwa malamulo onse amene tatchulaŵa amaimira pa chiŵerengero cha zaka, ndipo zaka zimafuna umboni. Ife amene tidaphunzira uphunzitsi tikukumbuka muyeso wakale wolandirira ana mu Sitandade 1, wakuti mwana apyoze dzanja pamwamba pa mutu nkugwira khutu la mbali ina. Akuluakulu nawo ankati uje adabadwa chaka cha njala ya 1949, ndipo ankamvana. Ku khoti zotere sizikwanira. Mlandu wa kukwatitsa mwana umatha kufera m'mazira chifukwa abale agwirizana kunena kuti mtsikanayo ali ndi zaka 19, ndipo palibe pepala loŵatsutsa. M'nthaŵi ya atsamunda kulembetsa kubadwa kwa mwana kudali kokakamiza kwa anthu osakhala Aafirika okha, koma lamulo la kalembera la 2010 lidakukhazikitsa kwa aliyense, ndipo tsopano kumachitikira ku chipatala komwe mwana wabadwira, kapena kudzera kwa amfumu ngati wabadwira kumudzi. Kumene kalata ya kubadwa kulibe, khadi la ku sikelo, kalata ya ubatizo ndi kaundula wa ku sukulu zimathandiza. Amai, mapepala ameneŵa asungeni m'chikwama chosafika chiswe ndi madzi, ndipo mwana akamachoka atenge ake.

Tifike tsono pa tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 18, ndipo apa ndilankhule ndi makolo, pakuti gawo ili ndi loŵaŵa kwa iwo. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanu ndi mfulu pamaso pa boma. Ndime 39 ya malamulo aakulu imampatsa ufulu woyenda ndi kukhala kulikonse m'dziko muno, ndiponso wotuluka ndi kubwerera. Ndime 22 imati munthu wopyola zaka 18 asaletsedwe kuloŵa m'banja, ndiponso munthu aliyense asakakamizidwe kuloŵamo. Angathe kuvota, kulembedwa ntchito ya mtundu uliwonse wololedwa, ndi kusunga malipiro ake m'thumba mwake. Mukapita kupolisi kuti akamgwire chifukwa wapita ku Lilongwe inu musakufuna, apolisi adzakuuzani mwaulemu kuti palibe mlandu. Kumtsekera m'nyumba, kumlanda chiphaso kapena kummenya kuti asachoke, zimenezo ndizo zingakhale mlandu, ndipo wozengedwa mudzakhala inu. Chimene chakutsalirani ndi malangizo, ndipo mwana amene mudamlera momvana naye adzaŵamvera.

Achinyamata nanunso mumve mbali yanu. Lamulo likuti mungathe kuchoka, silikuti chokani. Ambiri mwa inu pa zaka 18 mukadali mu Fomu 2 kapena Fomu 3, popeza sukulu mudayamba mochedwa kapena mudabwereza, ndipo ufulu wosamuka sulipira lendi ya chipinda ku Ndirande kapena ku Mtandire. Dziŵaninso kuti pamodzi ndi ufuluwo chitetezo cha ubwana chimachoka. Ngongole imene mwasainira ndi yanu, ndipo mukapalamula mudzaimirira m'khoti la akuluakulu. Ngati mwatsimikiza kupita, ulemu wakale uja wotsazika uli ndi phindu loposa ulemu. Malume anu akadziŵa kumene muli, amfumu akadziŵa kuti mwapita kukafuna ntchito ndipo simudataye mudzi, kamunda kanu kamakhala ndi okanenera pamene ena ayamba kusuntha malire.

Pa za chuma cha masiye, kuchoka pakhomo sikuchotsa mwana pa mzere. Lamulo la 2011 loona za chuma cha anthu omwalira limati kholo likamwalira losasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, obadwira m'banja ndi obadwira kunja komwe, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Mwana amene ali ku Joni kapena amene adachoka atakangana ndi bambo ake akadali mwana wa malemuyo, ndipo abale sangagaŵane mbuzi ndi malata nkunena kuti uja adadzichotsa yekha. Amene zotere zamgwera ayambire ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lake, ndipo ngati nkhani ifuna loya iye alibe ndalama, bungwe la boma la Legal Aid Bureau lidakhazikitsidwira anthu otero. Popita kumeneko atenge chiphaso chake, kalata yotsimikiza imfa ya khololo, ndi kalata ya amfumu yonena kuti iye ndi mwana wa pakhomopo.